Mamendulo a Anthu Opulumutsa Anzao

Anthu ambiri a m'Malawi ndi m'Zambia anaonapo nkhalamba itavala mamendulo pachifuwa. Nkhalamba zimenezo zinali asilikali a Keyala, amene anamenya nkhondo ya 1914 ndi ya 1939, ena a iwo nafika mpaka ku Abyssinia ndi ku Burma. Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Novembala, pamene dziko likumbukira anthu amene anafera ku nkhondo, mamendulo aja ankatuluka m'mabokosi, napukutidwa kufikira atawala. Chifukwa cha ichi ambiri amayesa kuti mendulo ndi chinthu cha msilikali yekha. Kale zinalidi pafupifupi chomwecho. Koma alipo mamendulo ena amene mafumu ndi maboma amapereka kwa anthu wamba, alimi, okumba migodi, oyendetsa sitima, ngakhale ana, chifukwa cha kuika moyo wao pachiswe kuti mnzao asafe. Mbiri imene tikambe pano inayambira ku Mangalande, dziko limene linali kulamulira maiko ano m'masiku a atsamunda.

M'chaka cha 1856, nkhondo ya ku Crimea ili pafupi kutha, Mfumukazi Victoria anakhazikitsa mtanda wotchedwa Victoria Cross. Mtanda uwu unali wa msilikali aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, amene analimba mtima koposa pamaso pa adani. Tsono anthu ena anayamba kufunsa kuti, nanga munthu amene adziponya m'nyanja yolusa kukavuula mnzake, kodi mtima wake uchepa poyerekeza ndi wa msilikali? Kunali kale mabungwe a anthu achifundo amene ankapereka mamendulo ao kwa ovuula anzao, monga Royal Humane Society, bungwe limene linayamba mu London m'chaka cha 1774. Ofesi ina ya Boma inalinso nayo mendulo yake yopatsa anthu a panyanja. Koma zonsezi zinalibe ulemu wofika pa mtanda wa asilikali uja.

Mlimi ndi chingwe chake

M'mwezi wa Malichi 1866 Mfumukazi inalamula kuti pakhale mendulo yatsopano ya anthu opulumutsa anzao panyanja. Inaitcha Albert Medal, pokumbukira mwamuna wake Albert, amene anamwalira m'chaka cha 1861. Mwezi womwewo usanathe anapezeka munthu woyamba woiyenera, ndipo sanali mmalinyero ai, koma mlimi.

Dzina lake linali Samuel Popplestone, ndipo munda wake unali pafupi ndi nyanja pa malo otchedwa Start Point, m'dera la Devon. Pa 23 Malichi kunauka namondwe, ndipo chombo chotchedwa Spirit of the Ocean chinakankhidwira pa matanthwe nichiyamba kusweka. Popplestone anatuma mau kwa alonda a m'mbali mwa nyanja, koma iye mwini sanawadikire. Anatenga chingwe natsika nacho yekha pa phompho. Mafunde anamgwetsa pa thanthwe, koma anakwawa nabwereranso, ndipo ndi chingwe chomwecho anakoka anthu awiri nawafikitsa kumtunda amoyo. Ena ambiri a m'chombomo anamira. Mfumukazi inampatsa mendulo ndi manja ake.

Masiku asanu ndi anai pansi pa nthaka

Pa zaka 11 mendulo ija inali ya panyanja pokha. Chimene chinasintha lamulo ndi ngozi ya m'mgodi wa malasha wotchedwa Tynewydd, m'chigwa cha Rhondda ku Wales. Amuna amene anagwirapo ntchito ya m'migodi ku Joni kapena ku Wankie adzaimva bwino nkhaniyi, pakuti adziwa kuti pansi pa nthaka madzi aopsa monga moto.

Pa 11 Epulo 1877 madzi amene anadzaza m'mgodi wina wakale woyandikana nao anaboola khoma nasefukira m'njira za Tynewydd. Antchito ambiri anathawa natuluka, koma anthu 14 anatsekeredwa. Anai anamira. Ena asanu anamveka akugogoda chapafupi, ndipo anzao anakumba usiku wonse kuti awapeze. Pamenepo panachitika chinthu chimene chinaopsa aliyense. Munthu akamiza chikho m'madzi chili chovundikira, madzi sadzaza m'kati mwake, chifukwa mpweya umene uli m'menemo uwakaniza. Ndimo mmene anthu aja anakhalira amoyo: anathawira ku malo okwera kumene mpweya unapanikizika, ndipo mpweyawo ndiwo unaletsa madzi kuwafika. Koma pamene khoma linabooka, mpweya uja unatuluka ndi mphamvu yoopsa, nukankhira mmodzi wa otsekeredwawo, William Morgan, pa chiboo chija, ndipo anafera pomwepo. Anai otsalawo anatuluka amoyo.

Panatsala anthu asanu, amuna anai ndi mnyamata mmodzi, amene anali kutali ndithu. Pakati pa iwo ndi anzao panali khoma la malasha la mayadi 38. Okumba anadziwa bwino lomwe chimene chinapha Morgan. Anadziwanso kuti mpweya ukangotuluka madzi adzakwera, namiza otsekeredwa aja, kapenanso ndi okumba omwe. Ndiponso m'malashamo munali kutuluka mpweya woipa uja umene umayaka ukakomana ndi nyali. Chinkana zinali choncho, anagawana m'timagulu nakumba mosinthana usana ndi usiku, pamene makina anali kupopa madzi kuti atsike. Otsekeredwa aja analibe chakudya. Anali kumwa madzi a m'mgodimo ndi kutafuna phula la makandulo. Dziko lonse linali kuwerenga za iwo m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku, ndipo Mfumukazi yomwe inatumiza lamya kufunsa ngati apulumuka.

Pa 20 Epulo, atakhala masiku asanu ndi anai mumdima, onse asanu anatulutsidwa amoyo. Tsono Mfumukazi inalamula kuti Albert Medal iziperekedwanso kwa opulumutsa anzao pamtunda, ndipo anthu 25 a ku Tynewydd anailandira. Mmodzi wa anai amene analandira ya golidi anali Isaac Pride, wokumba malasha wamba, amene anali patsogolo pa kuboola kotsiriza. Kuyambira pamenepo mendulo ya panyanja inali kulenjekeka pa kansalu kobiriwira ngati thambo, ndipo ya pamtunda pa kansalu kofiira. M'chaka cha 1907 Mfumu Edward VII anaonjezapo ina, Edward Medal, ya anthu a m'migodi ndi m'malo oswera miyala, ndipo patapita zaka ziwiri inayamba kuperekedwanso kwa antchito a m'mafakitale.

Wandende wa unyolo m'khosi

Mamendulo awa sanali a Angelezi okha. Lamulo linalola kuti munthu aliyense wa m'maiko olamulidwa ndi Mfumu ya ku Mangalande aalandire. Nkhani imodzi ya ku Australia isonyeza ulemu wa lamulolo, niisonyezanso pamene ulemuwo unalekeza.

Azungu asanafike ku Australia kunali kale eni dziko, anthu akuda, a mitundu yambiri ndi zinenero zambiri. Azungu analanda malo ao naikamo ng'ombe ndi nkhosa. Kumpoto kwa dzikolo, pafupi ndi mtsinje wa Roper, kunali munthu wa mtundu wa Alawa dzina lake Ayaiga. Azungu ankamutcha Neighbour, ndiko kunena kuti mnansi. Kuchiyambi kwa chaka cha 1911 wapolisi wachizungu, William Johns, anagwira Ayaiga pamodzi ndi anzake atatu, powaganizira kuti anaba m'nyumba ya mzungu wina. Monga mwa chizolowezi cha apolisi a kumeneko m'masiku amenewo, anawamanga unyolo m'khosi, nayamba kuwayendetsa ulendo wa ku polisi, iye ali pa kavalo.

Inali nyengo ya dzinja, ndipo anapeza mtsinje wa Wilton utadzaza. Andende aja anasambira naoloka bwino. Koma pamene Johns anafika pakati pa mtsinje, kavalo wake anagubuduzika m'madzi nam'menya ndi chiboda kumutu. Wapolisi uja anakomoka, ndipo madzi anayamba kumtenga.

Apa owerenga aime pang'ono, alingalire za Ayaiga ali chiimire pa gombe. Munthu amene anali kumira ndiye yemwe anam'manga. Akadangoima chete, mlandu wake ukadapita ndi madzi, ndipo palibe akadamnena kuti wapha munthu, pakuti wolakwa anali kavalo. Kulowa m'madzi kunali kuika moyo wake pangozi yoposa ya munthu wina aliyense, popeza unyolo ndi wolemera, ndipo ukakola pa chitsa cha pansi pa madzi mwini wake satulukanso. Ayaiga anakulunga unyolo uja m'thupi mwake, nathamanga motsata gombe, nadziponya mumtsinje. Anamgwira Johns, nalimbana ndi madzi kwa nthawi, kufikira anamfikitsa kumtunda.

Atafika ku polisi Johns sanafune kupitiriza mlandu, ndipo Ayaiga anamasulidwa. Mbiri ya zimene anachita inamveka m'nyuzipepala, ndipo anthu ena ophunzira, monga Baldwin Spencer, anaumiriza Boma kuti limlemekeze. M'mwezi wa Meyi 1912 kunalengezedwa kuti Mfumu George V wampatsa Albert Medal, ndipo m'Disembala chaka chomwecho anamuitanira ku Darwin, kumene mkulu wa Boma wa dera limenelo anamveka mendulo pamaso pa anthu. Koma mwambo utatha, akuluakulu a Boma anaitenganso mendulo ija naisunga iwo, nati adzaivala pa masiku akulu okha. Munthu amene anakhoza kusunga moyo wa wapolisi pakati pa chigumula anayesedwa wosakhoza kusunga kachitsulo kolingana ndi ndalama. Chimene chinathandiza pa nkhani yonseyi n'chakuti anthu a kutali, amene sanadziwe kuti andende akuda amayendetsedwa ndi unyolo m'khosi, anamva, ndipo ena anachita manyazi.

Pamene nkhondo inalowa m'nyumba za anthu

Kufikira chaka cha 1940 mtanda wa asilikali unali pamwamba pawokha, ndipo mamendulo a anthu wamba anali kutsata pambuyo patali. Nkhondo ya Hitler ndiyo inasintha zimenezi. Pa 7 Sepitembala 1940 ndege za Ajeremani zinayamba kuponya mabomba pa mzinda wa London, ndipo zinabwera usiku ndi usiku pafupifupi miyezi iwiri osapumula, nizipitanso ku mizinda ina. Pofika m'Meyi 1941 anthu wamba oposa 40,000 anali atafa. Nkhondo sinalinso ya kuthengo kwa asilikali. Amene anali kukwawa pansi pa nyumba zakugwa kufunafuna amoyo, kuzima moto mabomba ali kugwa, ndi kunyamula opweteka, anali akalaliki, amisiri, anamwino ndi amai a pakhomo. Nyumba ya Mfumu yomwe inaphulitsidwa pa 13 Sepitembala, Mfumu ndi Mfumukazi ali momwemo.

Pa 23 Sepitembala Mfumu George VI analankhula pa wailesi, nauza anthu ake kuti wakhazikitsa chizindikiro chatsopano cha ulemu, cha amuna ndi akazi a ntchito zonse, ndi kuti chidzatchedwa ndi dzina lake. Ichi ndicho George Cross. Ndi mtanda wa siliva wopanda zokometsera zambiri. Pakati pake pali chithunzi cha George Woyera ali pa kavalo, kulasa chinjoka, ndipo mozungulira mwalembedwa mau awiri otanthauza kuti mtandawo waperekedwa chifukwa cha kulimba mtima. Kansalu kake ndi kobiriwira modera. Mfumu inauika pafupi penipeni ndi Victoria Cross, patsogolo pa mamendulo ena onse, ndipo woulandira amalemba zilembo G.C. pambuyo pa dzina lake. Inakhazikitsanso George Medal, ya ntchito zolimba mtima zimene sizifika pa muyeso wa mtandawo.

Pakati pa oyamba kuulandira panali Thomas Alderson, wantchito wa khonsolo ya tauni ya Bridlington, amene anali kutsogolera kagulu kofukula anthu. Kangapo konse anakumba una pansi pa nyumba zogumuka, mipope ya madzi ndi ya mpweya woyaka itasweka, natulutsa anthu amene onse anawayesa akufa. Tsono pa 15 Epulo 1942 Mfumu inachita chinthu chachilendo: inapereka mtandawo kwa chisumbu chonse cha Malta, chimene anthu ake anapirira mabomba ndi njala osagonja. Malta analandira ufulu m'chaka cha 1964, chaka chimodzimodzi ndi Malawi ndi Zambia, ndipo chithunzi cha mtandawo chikali pa ngodya ya mbendera yake.

Kunena zoona, ambiri amene analandira George Cross m'zaka za nkhondo anali asilikali ndithu, makamaka aja a ntchito yochotsa mphamvu ya mabomba osaphulika, popeza lamulo limalola msilikali kuulandira ngati ntchito yake sinachitike pamaso pa adani. Koma nkhondo itatha anthu wamba sanaleke kuoneka. M'chaka cha 1952 anaulandira mnyamata wa zaka 15, John Bamford, amene analowa m'chipinda choyaka moto natulutsa ang'ono ake awiri, iye mwini napsa koopsa. Pa 9 Febuluwale 1957 John Axon anali kuyendetsa sitima ya katundu kuchokera ku Buxton pamene mpope wa mabuleki unaphulika, nthunzi yotentha nidzaza pamene iye anaima. Anauza mnzake wosonkhezera moto kuti adumphe akamange mabuleki a mabogi, koma iye anakangamira kunja kwa injini pamene sitima inali kuthamanga pa chitsikiro, kuti achenjeze wa zizindikiro. Chenjezo lakelo linapatsa anthu a pa siteshoni ya Chapel-en-le-Frith mpata wotulutsa apaulendo m'sitima ina imene inaima pamenepo. Sitima ya Axon inakagunda sitima ina ya katundu, ndipo iye anafa pamodzi ndi munthu mmodzi wa m'sitima inayo. Chomwechonso Barbara Jane Harrison, namwali wa zaka 22 wotumikira apaulendo m'ndege. Pa 8 Epulo 1968 ndege yao inayaka moto itangonyamuka pa bwalo la Heathrow, nitera msanga. Iye anaima pakhomo kukankhira anthu kunja, ndipo pamene akadadumpha naye, anabwerera m'kati kukatenga amene anatsalira. Mwa anthu 127 a m'ndegemo, 122 anapulumuka. Awiriwa mitanda yao inalandiridwa ndi abale ao.

Mboni ndi kalata

Munthu angafunse kuti, kodi Boma limadziwa bwanji woyenera mendulo? Njira yake ndi ya mboni ndi makalata. Wina amene anaona alemba kapena auza wolemba; kalata ipita kwa akulu a dera, nikwera kufikira ifika kwa kabungwe ka mu London kamene kayesa nkhaniyo. Iwo amafunsa ngati munthuyo anadziwa kuopsa kwake asanalowe, ngati anali ndi mpata wakuthawa naukana, ndi ngati imfa inali pafupi ndithu. Mfumu ikavomereza, dzina lisindikizidwa m'nyuzipepala ya Boma, London Gazette. M'maiko a atsamunda kalata yotere inayenera kupyola m'manja mwa Bwana Disi ndi Bwanamkubwa isanaoloke nyanja.

Apa ndipo pali chilema cha mamendulo onse. M'mbali mwa Shire ndi mwa nyanja anthu akhala akulanditsana m'kamwa mwa ng'ona kuyambira kale, ndipo m'midzi alipo amene analowa m'nyumba ya udzu ili kuyaka kukatenga mwana wa mnansi. Wotere amathokozedwa ndi nkhuku kapena mbuzi, ndipo mbiri yake imakambidwa pabwalo, koma ngati panalibe wolemba kalata, ku London sikunamveke kanthu. Ayaiga anadziwika chifukwa munthu amene iye anamvuula anali wapolisi, wodziwa kulemba, ndiponso wosabisa zoona.

M'kupita kwa zaka Albert Medal ndi Edward Medal zinayamba kuiwalika, ndipo eni ake anadandaula kuti anthu sadziwanso tanthauzo lake. Chotero m'chaka cha 1971 Boma linaitana onse amene anali nazo, amene anali akali moyo, kuti akazisinthe ndi George Cross. Ambiri anasintha, koma ena anakana, nasunga yomwe analandira poyamba. M'zaka zomwezo maiko amene kale anali kudikira mamendulo a ku London anayamba kupanga ao. Canada anakhazikitsa mtanda wake m'chaka cha 1972, ndipo Australia m'chaka cha 1975. Ku South Africa, m'chaka cha 1970 Boma la azungu linatcha mendulo yake ndi dzina la Wolraad Woltemade, nkhalamba imene m'chaka cha 1773 inalowa m'nyanja ya ku Cape pa kavalo kasanu ndi kawiri, nivuula anthu 14 a m'chombo chosweka, nimira pa ulendo wachisanu ndi chitatu. Ulamuliro wa tsankho utatha, ulemu watsopano wa anthu olimba mtima unatchedwa ndi dzina la Mendi, chombo chimene chinamira m'chaka cha 1917 ndi anthu akuda oposa 600 amene anali kupita kukagwira ntchito ku nkhondo ya ku France.

Ayaiga sanakhale ndi moyo kufikira kusintha kwa 1971. Anabwerera kwao ku Roper, kumene anagwirako ntchito yolondola mapazi pothandiza apolisi, ndipo pa chigumula cha 1940 anathandizanso kupulumutsa anthu. Anamwalira m'chaka cha 1954. William Johns anakwera pa ntchito kufikira anakhala mkulu wa apolisi onse a m'chigawo cha South Australia. Mendulo ija isungidwa m'nyumba yaikulu ya mabuku ya dziko la Australia, mumzinda wa Canberra, kutali ndithu ndi mtsinje wa Wilton.